Indiketa ya Galimoto ya Bambo

Galimoto ya bambo anga inayenda zaka zambiri yopanda indiketa, ndipo palibe amene anafa. Akafuna kukhota, bambo ankatsitsa galasi n'kutulutsa dzanja lamanja. Kukhotera kumanja ankalitambasula ngati akuloza malire a munda, kumanzere ankalizunguza. Mvula ikamagwa malaya ankanyowa mpaka paphewa, koma iwo ankati umu ndi mmene ankachitira pamene ankatsitsa mitengo ya paini pa lole kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba. Akabaza onse a ku Sadzi ankalidziwa dzanjalo.

Kenako anadwala sitiroko. Adokotala anati inali yaing'ono, ngati kuti tiithokoze. Miyendo inabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsalira. Linkakwera mpaka pachifuwa basi, ndipo zala zinkapindika mochedwa ngati za munthu wozizidwa.

Achimwene anga aakulu, amene amakhala ku Blantyre n'kumalamulira banja pafoni, anati bambo alandidwe makiyi. Bambo anakana. Loweruka lililonse ankapita ku Malosa kukaona mlongo wawo, azakhali anga, amene sayendanso, ndipo chimwalirire amayi sanajombepo. Atakangana sabata yathunthu anamvana chimodzi: indiketa ikakonzedwa, makiyi akhala kwa bambo. Achimwene anavomera msanga chifukwa ankadziwa kuti bambo salola makaniko kukhudza galimoto yawo. Anaiwala kuti pakhomopo pali ine, telala, mwana wamkazi amene ukwati unamubweza ali ndi manja awiri abwinobwino.

Mababu tinawayesa, fyuzi tinaiona, zonse zinali bwino. Bambo anati vuto ndi swichi, kamtengo kaja ka pambali pa chiwongolero, ndipo anati zimenezi anazidziwa kalekale. Swichi ina ndinakaipeza kuseri kwa msika, kwa mjomba wina wogulitsa zitsulo zochotsa m'magalimoto akufa. Anandilumbirira kuti inachokera m'galimoto yofanana ndendende ndi yathu, kungoti iyoyo inagubuduzika.

Lachisanu m'mawa ndinavundikira makina osokera. Bambo anaika mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi chitseko cha dalaivala, n'kukhala ngati woweruza.

"Uyambe wachotsa waya wa batire."

"Ndachotsa, ababa."

"Wakuda uja?"

"Yemweyo."

"Pita ukaonenso."

Ndinapita kukaonanso. Ndinali nditachotsa.

Pansi pa chiwongolero pali chivundikiro cha pulasitiki chomangidwa ndi masikuluwu atatu. Awiri anatuluka mwaulemu. Lachitatu linali lodyeka mutu, ndipo ndinalimbana nalo nditagona chagada, miyendo ili panja, chitenje chikumasuka. Mayi wina wa kumpingo kwathu anadutsa n'kupereka moni kwa mapazi anga. Ndinatukwana chamumtima, sikuluwu ndi mayiyo pamodzi. Bambo anati ndiike kachidutswa ka labala pamutu wa sikuluwu, kenako ndikanikize sikuludiraiva pamwamba pake. Linatuluka nthawi yomweyo, ndipo zinandinyansa kuti ananena zoona.

Swichi yakale inali yodzaza fumbi, tizitsulo ta m'kati mwake titapsa n'kuda bii. Inayo inakhala bwino pamalo pake, koma pulagi yake inali yosiyana ndi yathu. Mjomba uja sananame kwenikweni, magalimotowo anali pachibale ndithu, koma cha patali. Panafunika kudula mawaya n'kuwalumikiza ndi manja. Bambo sanafune pepala lililonse. Anatsinzina n'kumatchula pamtima: wobiriwira wa mzere woyera apite apa, wa mzere wakuda apite apo, wofiira usamukhudze.

Apa ndinene chilungamo. Nditagwira mawayawo, ndinaganiza zosiya wina wosalumikiza pansi pa tepi. Palibe akanadziwa. Indiketa ikanakana, tikanamunena mjomba, makiyi akanapita ku Blantyre, ndipo ine sindikanakhala wolakwa kwa aliyense. Ndinkachita mantha. Msewu wa ku Malosa uli ndi malole, njinga za makala, ana asukulu oyenda atatuatatu, ndipo ine ndinkaona m'mawa uliwonse mmene kapu ya tiyi inkanjenjemerera m'dzanja lija. Koma bambo anali atatsegula maso, atawerama, akuyang'anitsitsa zala zanga zikupota waya, milomo yawo ikuyenda ngati akupota nawo. Ndinalephera kuwabera. Ndinapota mwamphamvu, n'kukulunga tepi mwaudongo ngati mpendero wa diresi la ukwati.

Titabwezera waya wa batire, ndinakankha kamtengo kaja. Thi, thi, thi. Bambo anazungulira galimoto kawiri, kuona kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Zikomo sananene. Anati tepi ndawononga yambiri.

Loweruka anavala jekete. Ndinati ndipita nawo chifukwa ndinali nditawasokera azakhali bulauzi, zomwe zinali zoona. Anatulutsa galimoto pageti bwinobwino, dzanja lamanzere likusintha magiya, lamanja litagona pa chiwongolero. Tinatsika msewu wathu wafumbi. Kamtengo ka indiketa m'galimoto imeneyi kali kumanja kwa chiwongolero. Tonse awiri tinkadziwa zimenezo kuyambira Lachisanu, ndipo palibe anazitchula.

Tikuyandikira mphambano yolowera mumsewu waukulu, ndinaona zala zawo zikunyamuka. Zinafika pa kamtengo, zinakakhudza, zinaterereka. Anayesanso, zinatererekanso. Kachitatu anachotsa dzanja lamanzere pa chiwongolero kuti lidutse likathandize linzake, ndipo galimoto inayamba kulowera kungalande. Wakabaza amene anali pambuyo pathu anaimba belu n'kutilambalala. Bambo anaponda buleki. Tinaima pafupi ndi mayi wogulitsa tomato, amene anakokera lichero lake kumbuyo pang'ono n'kupitiriza kupanga milu.

 Ndinkafuna kuwauza kuti tiyesenso sabata yamawa, koma ndinadziwa kuti likanakhala bodza lomwe lija ndinalikana pa mawaya.  Bambo anakoka handibuleki, anatsegula chitseko ndi dzanja lamanzere, anatuluka, anakonza jekete, n'kuzungulira kutsogolo kwa galimoto osafulumira. Anaima pa zenera langa.

"Tsika, upite uko."

"Ababa, mwina mukapuma pang'ono..."

"Azakhali ako akudikira. Ndipo achimwene akowo ukawauze bwinobwino. Indiketa ikugwira ntchito. Makiyi sanandilande munthu, ndakupatsa ndekha."

Laisensi ndinali nayo, koma galimoto imeneyi ndinali ndisanaiyendetsepo. Palibe anaiyendetsapo kupatula iwo. Nditakhala pampando wawo, mapazi anga sanafike pa kilatchi. Ndinapisa dzanja pansi, ndinapeza kachitsulo, ndinakoka. Mpandowo unakana kaye, chifukwa chiigulire galimotoyo unali usanasunthepo, kenako unakwekwerezeka kupita kutsogolo ndi phokoso la dzimbiri.

Bambo, amene tsopano anali atakhala pampando wanga uja, anamva. Anatembenukira kuzenera n'kufunsa mayi uja ngati tomatoyo ndi wa kuphiri.