Kabuku ka Che Saidi Kanali Pansi pa Mulu

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka chaka chatha mvula isanagwe, lachiwiri nthawi yokolola. Makope ake ndili nawo, odindidwa bwinobwino. Yankho palibe.

Ntchito ya pakhomo la chipatala ndinaipeza ndili wamkulu kale. Nditabwerako ku migodi ya ku Joni ndinalima kwathu ku Kasinje mpaka msana unakana khasu. Mnzanga wa mukwaya ndiye anandinong'oneza kuti pa chipatala china m'boma muno, chimene sinditchula, pakufunika munthu wosunga mzere. Ndinkakonza mabenchi, kuyeza anthu pa sikelo, kulemba kulemera kwawo m'kabuku ka kuchipatala, ndi kuthamanga ndi machira pakagwa munthu.

Wobanika, wotaya magazi, kapena mwana wokomoka ankalowa pompo, ndipo pamenepo sinditsutsa. Otsalawo, odzatenga mankhwala a BP, odzayezetsa shuga, odzatsukitsa bala, anali a pamzere. Aliyense akafika ankaponya kabuku kake m'katoni, pamwamba pa timabuku ta anzake. Kalaliki wamkulu, a Ngozo, ankaitana mayina kuyambira pamwamba. Wolawirira ndiye ankatuluka womaliza.

Ndinawauza mwaulemu kuti, “Bwana, bwanji tizitembenuza muluwu tisanayambe kuitana?”

“Madala, munalembedwa ya sikelo. Katoni isiyeni.”

Chifukwa chake ndinachiona ndekha. Alamu awo ndi anzawo a pabawo ankabwera dzuwa litakwera, kuika kabuku pamwamba, kulowa, kutuluka, wakabaza adakali kuwadikira panja.

Tsiku lina kunabwera Che Saidi, a golosale ya pamsika, amene amadwala shuga. Anachokera ku mzikiti kumapemphero a m'mawa, osalawa kanthu, poti shuga amayeza munthu asanadye. Anali oyamba kufika. Dzuwa linafika pamutu iwo ali pabenchi.

“Achimwene, kabuku kanga kadalipo, kapena mwakulungira mandasi?” anandifunsa akuseka, koma milomo itauma.

Ndinapita pakatoni kuti ndikasolole pansipo. A Ngozo anandigwira pamkono, pamaso pa anthu onse.

“Ndinati chiyani, madala?”

Ndinabwerera ku sikelo. Sipanatenge nthawi, Che Saidi anayamba thukuta ndi kunjenjemera, kenaka anagwera pakati pa mabenchi n'kutemeka pamphumi. Ndinawanyamula pamachira, anamwino n'kuwaika dilipi. Munthu amene akanaonedwa m'mawa n'kukatsegula golosale yake anagona m'wodi.

Adokotala atafunsa chimene chachitika, a Ngozo sanaphethire n'komwe: “Wamzere ndi madalawa. Amangowodzera.” Mwezi utatha anandipatsa kalata yondichotsa ntchito, yolembedwa kuti ndine “wosasamala odwala”. Ine, amene ndinanyamulapo anzanga ovulala pansi pa mgodi!

Chimene anaiwala n'chakuti inenso ndimadwala BP, ndipo mwezi uliwonse ndimabwera kudzatenga mankhwala. Ndimakhala benchi la kutsogolo, jekete nditavala. Wina akangoika kabuku pamwamba n'kutsinzinirana diso ndi a Ngozo, ndimaimirira.

“Anthuni, pepani, yambani mwadikira! Afika alamu a bwana!”

Amayi amalulutira, abambo amaomba m'manja, mlendoyo amasowa poyang'ana. Mwezi watha amayi ena anakana kuponya timabuku m'katoni, anangotifumbata pamiyendo malinga ndi mmene anakhalira. A Ngozo anatuluka thukuta kuposa la Che Saidi. Sindinawamvere chisoni, ndipo sindileka. Pakhomo paja ndinaphunzirapo kuti munthu wobwera ndi matenda oti akhoza kudikira, mukamuiwala pabenchi, mudzamunyamula pamachira.

Choncho ndikupempha a komiti ya chipatalacho kuti andiyankhe polemba, mawu akuti “wosasamala odwala” achotsedwe pa dzina langa, ndipo a Ngozo aitanidwe adzanene okha, Che Saidi ali pomwepo, kuti anandigwira pamkono ndani.