Diso la Mkamwini

Eveles anabadwira m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri, kufupi ndi mpata wa Fort Lister, pamene mphepo imadutsa pakati pa Mulanje ndi Michesi ngati wina akuithamangitsa. Mwa ana onse a mayi Bertha, ndiye yekha amene anatsala pamudzi. Sukulu anaisiyira Fomu 2. Panalibe chifukwa chachikulu. Anayamba kujomba nthawi yokolola nandolo, kenaka yunifolomu inang'ambika m'khwapa, kenaka anthu anasiya kumufunsa.

Anakwatiwa ndi Goodman, wa ku Chiringa, amene anadzakhala chikamwini ndi kumanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a apongozi ake. Goodman anali mkamwini wodziwa mwambo. Sankadyera pamodzi ndi a Bertha, sankawayang'ana kumaso, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankaima kuseri kwa khoma, mawu n'kumadzera kwa mkazi wake. A Bertha ankamunyadira kumpingo. Ankati masiku ano akamwini otere anatha.

Mwana wawo Praise atayamba kukwawa, Goodman anapita ku Joni. Anapeza ntchito mu shopu yogulitsa zinthu zamagetsi ku Durban, ndipo katundu amene makatoni ake aphwanyika, bwana ankamupatsa. Ndiye transipota, wonyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, akamabwera, ankaima pamsewu n'kutsitsa katoni yomatidwa ndi selotepu mbali zonse.

Munkatuluka zinthu zoti Eveles sanazipemphepo. Kaduwa ka pulasitiki kovina kakaona dzuwa. Kapu yoti ukathiramo tiyi wotentha pamatuluka nkhope ya mkango. Kafani ka m'manja, kotumizidwa mwezi wa June. Panali kena komangirira ku makiyi, kolira munthu akaimba mluzu, koma kankaliranso tambala akalira, mpaka Eveles anakakulunga m'sokosi. Zinthuzi ankaziyesa kamodzi, n'kujambula chithunzi chotumiza kwa mwamuna wake, n'kuzibwezera mu katoni pansi pa bedi. Sankadana nazo. Analibe nazo mawu.

Chaka china munatuluka kamera. Inali yoyera, yozungulira ngati papaya laling'ono, ya diso limodzi lakuda. Jonasi wokonza mafoni pa Migowi anabwera panjinga, nakhoma sola padenga, naika simu, kamerayo naikhomera pakona ya pabalaza, m'mwamba, moyang'ana khomo. Atangotsika pampando, chinthucho chinatembenuza mutu, chinatsokomola.

"Amake Praise, ndikukuonani! Mwaondatu."

"Ine sindikukuonani," anatero Eveles.

"Inu simuyenera kuona. Woona ndine, pafoni pano. Tayendani pang'ono."

Anayenda, mutu uja n'kumamutsatira ndi kaphokoso konga ka njuchi. Jonasi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, amuna anu abwera opanda pasipoti. Muziwapatsako ndiwo."

Goodman anati n'chifukwa cha akuba. Mudzi wonse unkadziwa kuti achemwali ake anamuuza kuti venda wogula nandolo amakhalitsa pakhomopo. Eveles nayenso ankadziwa. Vendayo ankakhalitsa chifukwa sikelo yake inali yovuta, koma Eveles sanadzivutitse kulongosola.

Anazolowera, monga anazolowera zina zonse. Akachokera kuphiri ndi mtolo wa nkhuni, mawu ankamulandira: "Mwachedwatu." Tsiku lina: "Mpando uwo wasuntha bwanji? Anakhalapo ndani?" Koma nthawi zina, masana, Goodman akamadya buledi kuseri kwa shopu, ankangoti, "Khalani pamenepo, ndizingokuonani." Eveles ankakhala pamkeka n'kumasankha nyemba, akumva munthu akutafuna kudziko lina. Sankalankhulana. Buledi akatha, mutu uja unkaima.

A Bertha nkhani ya kamerayi anaimva koma sanaimvetse. Tsiku lina m'mawa analowa monga mwa masiku onse, atangomanga chitenje pachifuwa, opanda duku, mbale ya kalongonda ili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero mawu kuchokera m'mwamba.

Mbale inagwa. A Bertha anatuluka chobwerera, ataphimba chifuwa ndi manja, nakagwada kuseri kwa khoma. Anayankha moniwo ali komweko, m'Chilomwe. Eveles anawatsatira.

"Amayi, ndi makina chabe."

"Makina amapereka moni?"

"Mawuwo akuchokera ku Joni."

"Ndiuze chimodzi. Wandiona kapena sanandione?"

"Akuonani."

"Basi."

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso m'nyumbamo. Ankaima kumbali kwa zenera n'kuitana chapansipansi. Akamadutsa pakhomo, chitseko chili chotsegula, ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Amayi a kumjigo anaitenga nkhaniyo. "Eveles, mkamwini wa m'denga uja wagona bwanji? Samva chizungulire?" Iye ankangopopa madzi.

Nyumba ya a Bertha inagwa ndi mvula ya namondwe amene anagumula nyumba zambiri chaka china, ndipo anthu a kumpingo anawamangira kachisakasa ka udzu ndi pepala la pulasitiki. Chaka chotsatira pepalalo linang'ambika. Nyengo yozizira itafika, chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhazikika, ndipo a Bertha anayamba kutsokomola. Kuchipatala anati ndi chibayo. Anawagoneka, anawabaya, kenaka anawatulutsa, namwino n'kunena kuti azigona potentha, pouma, ndipo azikhala ndi munthu pafupi.

Potentha ndi pouma panali pamodzi pokha pakhomopo, m'nyumba ya Eveles. Nyumbayo inali ya khomo limodzi. Wopita kuchipinda ankadzera pabalaza, ndipo mbaula yoothera inkayaka pabalaza pomwepo, chifukwa kuchipinda kunalibe potulukira utsi.

A Bertha atatsika panjinga ya kabaza anayang'ana khomolo, napita kukhitchini, kanyumba ka khoma lofika m'chiuno. Anayala mphasa pambali pa mafuwa.

"Ndizisanza, uzindisambitsa, uzindinyamula kupita kuseri, iye akuona? Bola pano."

Eveles anatenga nsalu ya patebulo n'kuphimba kamera. Asanatsike pampando, foni inalira.

"Kwada bwanji? Mwaphimba chiyani?"

"Amayi akudwala, abambo a Praise. Sangalowe inu mukuona. Mukudziwa."

"Akamadutsa ndizitseka foni."

Anakawauza a Bertha. Iwo anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anafunsa, "Nanga woona kuti watseka ndani?"

Eveles anabwerera ndi yankholo. Goodman mawu anakwera.

"Ndiye mwapeza njira, eti? Lero amayi, mawa ndani? Ine ndikugona pansi kuno, anthu asanu ndi awiri chipinda chimodzi, kuti inu muzikhala m'nyumba ya malata. Chotsani nsaluyo. Ndipo mumvetse, amake Praise: tsiku limene mudzaichotse kamerayo, mwachotsa ine. Sindidzabwereza."

Eveles anachotsa nsalu.

Anapita kwa malume ake, a Makina, amene anali nkhoswe ya banjalo. Anawapeza akusoka dengu. A Makina anamvetsera nkhani yake, anakanda m'mutu, anaseka pang'ono, kenaka anaona kuti iye sakuseka.

"Mphwanga, ine milandu ndaweruza yambiri. Koma ya mkamwini wokhomedwa pakhoma ndi misomali, sindinaionepo. Mlongo wangayo akunena zoona. Mwamuna wakonso nyumbayo anamanga ndi iye. Tidikire kaye, mwina kuzizira kutha."

Kuzizira sikunathe. Eveles anatchinga khoma la khitchini ndi masaka, anasamutsirako mabulangete onse, nayenso n'kumagona komweko, Praise ali pakati. Utsi unkawatsokomoletsa a Bertha. Akazimitsa moto, mphepo ya kumpata inkalowa pansi pa masaka. M'mawa akalowa m'nyumba kukatenga shuga, mutu uja unkatembenuka.

"Mwagona kuti?"

"Kukhitchini."

"Ine ndingadziwe bwanji?"

Eveles ankatenga shuga n'kutuluka. Ankayembekeza kuti tsiku lina iye mwini akwiya, kapena alira, koma sizinkabwera. M'kati mwake munali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Tsiku lina kutacha, mvula ya mawawa inali itagwa chopingasa. Bulangete la pamwamba linali litanyowa mbali yonse ya kukhoma. A Bertha anali maso, koma sanayankhe moni. Ankapuma ngati munthu akucheka thabwa lonyowa, ndipo zala zawo zinali zozizira ngati chitsulo cha pamjigo. Eveles anaziyang'ana zalazo kanthawi. Kenaka anatenga mpeni wosendera mbatata, nalowa m'nyumba, nakokera mpando pakona.

Mutu uja unamutsatira mpaka unayang'ana pansi penipeni.

"Mukutani?" Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka magalimoto. Ayenera kuti anali panjira yopita kuntchito.

"Amayi akulowa."

"Amake Praise. Ndinanena."

"Ndinamva."

"Ndiye mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ee."

"Eveles, tamverani. Kuno ine ndilibe aliyense. Ndikatsegula foni n'kuona pabalaza pamenepo, mpamene ndimadziwa kuti ndili ndi kwathu."

Dzanja lake linaima. Chiyambire ulendo wa ku Joni, Goodman anali asanamutchulepo dzina. Eveles anadikira kuti mwina mawuwo afika penapake m'chifuwa mwake. Kukhitchini a Bertha anayambanso kutsokomola.

Jonasi anali atamanga molimba. Nsonga ya mpeni inkaterereka, ndipo inamucheka chala. Goodman ankalankhulabe, tsopano mothamanga, za njerwa, za malata, za achemwali ake amene anamuchenjeza. Eveles anakoka waya, koma mawu sanaleke, chifukwa chinthucho chinali ndi batire lake m'kati. Anachinyamula chikulankhula choncho, nachiika mu katoni ya pansi pa bedi, naitulutsa katoniyo kukaiika m'nkhokwe, natseka.

Anabwerera kukhitchini, nawabereka amayi ake kumbuyo ngati mwana. Anali opepuka kuposa mtolo wa nkhuni. Pakhomo a Bertha anagwira mphuthu ya chitseko, nadzutsa mutu, nayang'ana pakona paja. Panali timabowo ndi kawaya kolendewera. Anasiya mphuthu.

A Bertha sanafe. Sanachirenso kwenikweni. Amakhala pabalaza pafupi ndi mbaula, atavula duku, akusenda nandolo pang'onopang'ono. Akafuna kulavula amalavula, akafuna kugona amagona pomwepo.

Goodman sanaimbenso. Chithunzi chake pafoni chinachoka, panatsala kamutu kotuwa kopanda nkhope. Sanatumize mawu kwa ankhoswe kuti banja latha, sanatumizenso kuti lilipo. Transipota amadutsa pamsewu, amaimba hutala pakhomo pa ena. A Makina akuti adikire Khrisimasi, anthu a ku Joni amabwera nthawi imeneyo.

Eveles akupitabe kuphiri. Nandolo chaka chino wabereka bwino. Kumjigo mayi wina anamufunsa, osati moseka ulendo uno, "Nanga iwe tizikuti uli pabanja, kapena?"

"Kaya," anatero Eveles.

Anasenza ndowa n'kubwerera kunyumba, chifukwa inali nthawi yoti awasambitse amayi ake.