Pulogalamu ya a Gilibati Itakana Kutseguka

Akuti a Gilibati, aja anapuma uphunzitsi kuno ku Nathenje, akufuna kugulitsa kompyuta yawo. Ndinazimva pamjigo kwa mayi Felesiya. Mwina n'zoona, koma makina amene munthu amawafunditsa chitenje cha malemu akazi ake, angawagulitse?

Bambowa kale anali dolo. Anadzilembera okha kapulogalamu kokonzera malipoti a ana asukulu, m'chilankhulo cha makompyuta chimene anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana amachikonza n'kumagawa ulere. Eni akewo ali ndi kalendala yawo: chatsopano chimatuluka Okutobala aliyense, chakale amachisamala zaka zisanu basi. Ndiye Okutobala akakwana, a Gilibati ankapalasa njinga mpaka ku Mitundu, kwa mnzawo wa intaneti, kukakopera chatsopanocho pa fulashi. Pobwerera ankadzera m'sukulu zinayi, aphunzitsi akuwalandira ndi chinangwa chootcha, ana akukanganirana kuwagwirira njinga. Ankafika kuno fumbi mpaka m'nsidze, akuimba.

Akazi awo atamwalira, ulendo uja unatha. Ankangoti, "Mbewu yamakolo sitisintha chaka ndi chaka. Bola ikubereka." Zaka zisanu zinakwana iwo ali phee.

Lolemba kunabwera a Zipora, ahedi a sukulu ina ku Mitundu, amene a Gilibati anawaphunzitsa Sitandade 6. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndikusenda mtedza.

"Aphunzitsi, malaputopu atsopano akukana pulogalamu yanu. Chilankhulo chakale chija anasiya kuchisamala. Titsekera sabata yamawa, ana mazana atatu alibe malipoti."

"Ukawauze eni akewo adikire."

"Anadikira zaka zisanu, akulengeza chaka chilichonse. Si inu munkatitsekera geti tikachedwa?"

"Iwe unkachedwa dala, unkadzera ku mango."

"Ndiye titenge ya anthu ena, yanuyi tiiwale?"

Mawu akuti tiiwale aja anawalowa a Gilibati. M'sukulu zinayi zija dzina lawo linatsala pamalo amodzi okha, pansi pa lipoti lililonse, m'tizilembo ting'onoting'ono.

M'mawa mwake a Zipora anapeza nkhalamba ija itafika kale pakhomo pa ofesi yawo ku Mitundu, itavala tayi, kope latsopano m'manja. A Gilibati anakhala pabenchi ya ana, nayamba kulemba pulogalamu ija m'chilankhulo chatsopano, mzere umodzimodzi. Pofika masana laputopu inali itawakana kasanu ndi kawiri. Anakweza dzanja.

"Madamu, tabwerani mudzaone. Apa ndalakwitsa pati?"