Sileti ya Mwala pa Manda a Mkazi Mnzanga

Ndege ndinakwerapo ulendo umodzi wokha, ndipo sikunali kokasangalala. Amuna anga, amene mudzi wonse umawatchabe aphunzitsi ngakhale anapuma kalekale, ankafunika opaleshoni ya mtima ku India. Mwana wawo woyamba, namwino, ndiye anayendetsa zonse za ulendowo. Ndikuti mwana wawo chifukwa sindinamubereke ine. Mayi wake anamwalira iye ali wamng'ono, ine n'kudzalowa m'nyumbamo patapita zaka ziwiri. Ndinamulera, amanditcha amayi, koma atanena kuti apita awiriwiri ndi bambo ake ndinakana. Munthu akadwala amalankhula zambiri, ndipo ndinkafuna zimenezo ndizimve ndi makutu anga, osati kuchita kuuzidwa.

Malemuwo sindinawaonepo, koma ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi. Anali mphunzitsi ngati amuna angawo. Chithunzi chawo chili pabalaza, ndipo wopukuta fumbi ndine. Anaikidwa kumanda a kwawo kwa aphunzitsi, kuseri kwa phiri, mukadutsa Ntchisi Boma. Ine kwathu ndi kufupi ndi Bowe, kuno ndinangotengedwa. Aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti tsiku langa likadzafika abale anga adzabwera ndi lole n'kukandiika pafupi ndi amayi anga. Aphunzitsi adzatsala kwawo, pambali pa mkazi amene anakhala naye zaka zisanu ndi zinayi zokha.

Opaleshoni itayenda bwino, adokotala anati wodwalayo aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Mwana uja anapeza galimoto, akuti tikaone manda a mafumu achisilamu akalekale.

"Kumanda? Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, amayi. Anthu amangopita kukaona."

"Munthu wangochoka kumene pa mpeni, iwe ukuti tikamuonetse manda?"

Aphunzitsi anaseka atagwira pachifuwa. "Tiyeni, mayi. Mwina mukaona kuti ndikukana kulowamo mtima ukhala pansi."

Kwathu manda ndi msitu. Sumapitako popanda maliro, ngakhale nkhuni zitagwa zokha sumatola. Kumeneko ndinapeza udzu wometa bwino, anthu atayala nsalu akudya, ena akujambulana atatsamira khoma la wakufa. Ndinagwira chikwama changa ndi manja awiri. Pakati pa mitengo panali nyumba zamwala, iliyonse yotalika kuposa tchalitchi chathu, denga lake lozungulira ngati nkhali yovundikira. Pamwamba pa khomo lina panatsala matailosi obiriwira ngati khosi la nkhunda, ena atagwa kalekale. Sindinaonepo chithunzi cha munthu kapena cha nyama paliponse. Panali maluwa osema, nyenyezi zolukanalukana, ndi zilembo zawo zoyanga kuzungulira khomo ngati mphonda pa tsindwi.

Wotiperekeza anali bambo wachikulire wa ndevu zopaka zofiira. Titafika pakhomo la nyumba imodzi anatiuza kuti tivule nsapato. Zanga ndinazinyamula kukhwapa. Sindisiya nsapato pakhomo pa anthu osawadziwa. Mkati munali mozizira. Mazenera sanali agalasi ayi, unali mwala woboolaboola ngati sefa, ndipo dzuwa polowa linkagwa pansi lili tinyenyezi tambirimbiri. Ndinayesa kutsatira mzere umodzi ndi chala kuti ndione pamene wathera, unandisocheretsa. Kunena zoona, ndinasirira. Ndinaganiza za khitchini yanga yodontha, pamene munthu wakufa agona m'nyumba yotere.

Bambo wa ndevu ankalankhula Chingerezi, aphunzitsi n'kumandimasulira. Koma ndinaona kuti bamboyo akalankhula mtunda wautali, aphunzitsi ankandipatsa mawu atatu.

"Wanena zambiri uyu. Zinazo mwasunga kuti?"

"Ndi zaka chabe, mayi. Mungazitani zaka?"

Ndinatembenukira kwa mwana uja. "Iwe, undiuze zonse. Ndizikuyang'ana pakamwa."

Pakati pa chipindacho panali mwala wautali wosalala, wa mfumu imene inaikidwa m'nyumbayo. Pamwamba pake anasemapo kanthu kotukuka, ngati kabokosi kosungira zolembera. Pambali pake, pafupi kwambiri moti phazi langa silikanalowa pakati, panali mwala wina. Pamenepo anasemapo chinthu chathyathyathya chokhala ndi kogwirira. Mwanayo anati bamboyo akuti umu ndi mmene ankasiyanitsira: cholembera ndi mwamuna, sileti ndi mkazi.

Apa m'pamene ndinayang'ana amuna anga. Anaima chilili, milomo ikuyenda. Kenako anatulutsa kabuku kamene ankalembamo nthawi ya mankhwala, n'kuyamba kujambula siletiyo. Munthu woti dzanja linkanjenjemera pogwira supuni, tsiku limenelo linali nji. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Sindinafunikire kuuzidwa kuti ndi mkazi uti amabwera m'mutu mwa mphunzitsi akaona sileti.

Ndinatuluka. Panja, pakhonde lalikulu lozungulira nyumbayo, panalinso miyala ina ya manda, yosalemba kanthu, dzuwa likuiwotcha, nkhunda zitaiipitsira. Umodzi unali ndi sileti. Ndinawerenga mapazi kuchokera pamenepo kukafika pa mwala wa mfumu: makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ndinaitana mwana uja kuti afunse kuti mkazi ameneyu anali ndani. Bamboyo anatambasula manja. Akuti wa m'banja lomwelo, koma palibe akudziwa.

"Mwina ndi amene ankam'phikira phala mfumuyo ikudwala," ndinatero.

"Amayi, inunso," anatero mwanayo, n'kuyang'ana kumbali.

Zinthu zina ziwiri ndinazimva pamalopo, ndipo ndinazisunga. Choyamba, miyala yokongola ija mulibe munthu. Mtembo weniweni uli m'chipinda chapansi, chokhoma. Wapamwambawo ndi wongoonetsa alendo. Chachiwiri, mafumu ena ankamanga nyumba zimenezi adakali moyo, akudziyang'anira okha amisiri. Aphunzitsi anapukusa mutu, akuti kumeneko n'kudziitanira imfa. Mumtima ndinati mafumu awa ankawadziwa ana awo.

Titabwerera kumudzi ndinadikira. Kabuku kaja ankakasunga m'thumba la jekete ya kutchalitchi, ndipo wochapa jekete ndine. Ndinapezamo masamba atatu: nyenyezi zolukana zija, khomo losongoka pamwamba, ndi miyala iwiri yogundana, wina wa cholembera, wina wa sileti. Iwiri. Ndinatembenuza tsamba kufuna wachitatu, ndinapeza mndandanda wa mapiritsi.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe anayamba maulendo a ku Madisi, akuti kukayezetsa magazi. Magazi ake ati oyezetsa Lachiwiri lililonse, chipatala cha pa Boma chili pafupi? Ulendo wachitatu ndinati ndikupita nawo, ndikagule mchere. Anatsokomola njira yonse. Titatsika ndinawasiya atsogole, ine pambuyo, mpaka kuseri kwa magolosale kumene mmisiri wina amaumba ziliza. Pansi pa mtengo panali sileti ya simenti, yosalala bwino, kogwirira kake komwe, m'mbali mwake nyenyezi za tizidutswa ta matailosi obiriwira.

Mmisiriyo anandilonjera mwansangala. "Amayi ndi amenewa? Bwerani muone ntchito. Chiyambireni sindinapangepo yotere. Madala awa andivutitsa, nyenyezi iliyonse ayeza ndi rula."

"Yakongola," ndinatero. "Ndi ya ndani?"

Mmisiriyo anayang'ana aphunzitsi, kenako anakumbukira kuti ali ndi ntchito kuseri.

Tinakhala pa njerwa. Aphunzitsi anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja.

"Zaka zonsezi pamanda paja pali mtanda wachitsulo basi, wadzimbiri," anatero. "Nditagona pa bedi lija ndinaganiza kuti ndikapita, palibe adzamange."

"Mangani. Ndakuletsani liti? Ine ndikufunsa za mwala winawo, wa cholembera. Mwaugundika kwa ndani?"

"Mayi, inu abale anu adzakutengani. Mukudziwa."

"Munandifunsa?"

"Ndikanayamba bwanji? Munthu n'kufunsa mkazi wake kuti mukufuna kudzagona kuti? Mukanati ndikukufunirani imfa."

Pamenepo sananame, ndikanaterodi. Koma sindinawauze.

"Phala la kuchipatala ndinkakumwetsani ndine," ndinatero. "Masokosi ndimakuvekani ndine. Ndiye mudzagone mogundana ndi aphunzitsi anzanu, muzikambirana za sukulu, ine ndili kutsidya kwa mapiri ngati uja wa nkhunda?"

"Akufa sakambirana, mayi. Mumaphunzira chiyani Lachinayi kumpingo?"

"Ngati sakambirana, mwayezeranji ndi rula?"

Anavala chipewa chawo n'kuimirira. Mchere sindinagule.

Mlungu womwewo ndinapita kwathu kwa achimwene anga, amene ndiwo otiyang'anira m'banja mwathu. Ndinawapeza akusankha fodya m'chigafa. Ndinawauza mosazungulira kuti ndikadzafa asadzatumize lole.

"Achemwali, mwadwala?"

"Ndili bwino kuposa inu."

"Ndiye mwapita ku India kukatenga misala? Nsanje yake yochitira mafupa?"

"Mafupawo ali pamalo panga."

Anaseka mpaka kukhosomola, koma ataona kuti ine sindikuseka anaika fodya pansi. Anandikumbutsa kuti pambali pa amayi athu anasiyapo malo dala, chifukwa mwana wamkazi ndinali ndekha. Anati, "Ndiye amayi akhale okha?" Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero akandibwerera ndimasiya chimene ndikuchita. Ndinagona kwathu masiku awiri. M'mawa wachitatu ndinawauza kuti amayi ali pakati pa abale awo, sakusowa munthu. Ine ndikapanda kudziikira malo, palibe adzandiikire. Achimwene anavomera monyinyirika. Ndinawauza kuti mawu apakamwa sindiwafuna, abwere okha adzanene pamaso pa akuchimuna.

Anabweradi. Nkhani inavuta pamene ndinanena kuti mwala wanga uikidwe tsiku lomwelo ndi wa malemu, ndidakali moyo. Alamu anga aakazi anagwira pakamwa. Wina anati zimenezo n'zachilendo, wina anati ndikufuna kutsogoza mchimwene wawo. Amayi anzanga a kumpingo anabwera awiri kudzandipempherera, maso ali pa chithunzi cha pabalaza. Ndinawaphikira tiyi, n'kuwauza kuti mafumu amene ndinawaona anamanga adakali moyo ndipo manda awo alipo mpaka lero, pamene a agogo athu, amene anasiyira ana, tikuchita kulozerana ndi mitengo. Amene ananditchinjiriza ndi mwana uja, namwino. Anati, "Asiyeni amayi. Andilera ndi iwowa." Ndinamuthokoza, ngakhale ndinadzifunsa kuti akufunapo chiyani.

Tsiku lomanga chiliza akuluakulu analola kuti tilowe kumanda. Sileti ya malemu anaiika, ndipo sindibisa, inakongola. Dzuwa likudutsa m'masamba, matailosi aja ankang'anima ngati a ku India kuja. Pakati anasiya malo a aphunzitsi, opanda mwala, chifukwa iwo anakanitsitsa kuti wawo udikire. Mbali inayo anayala wanga, wosalemba dzina. Mmisiri anandifunsa ngati ndikufunanso sileti. Ndinati ayi, za masileti n'za ophunzira, ine angondiikira nyenyezi, koma zichuluke kuposa zinazo ndi imodzi.

Amuna ali kalikiliki ndi simenti, ndinamasula chingwe chimene ndinamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Ndinayeza kuchokera pa chikhomo cha pakati, cholozera malo a aphunzitsi, kukafika pa mwala wa malemu, n'kumanga mfundo. Ndinayezanso kufika pa wanga. Wanga unatalikira ndi zala zinayi.

"Abambo, sunthani uwu," ndinauza mmisiri.

"Amayi, pali muzu apa."

"Dulani muzuwo."

Aphunzitsi anakhala pa chitsa, chipewa chili pa bondo. "Sunthani, amisiri," anatero, "apo ayi tigona konkuno." Anasuntha. Nditayezanso, wanga unayandikira ndi zala ziwiri, ndipo ndinangopinda chingwe changa.

Komabe sindinaiwale zija za mwala wopanda munthu. Mwala ukhoza kukhala apa, munthu n'kumuika pena, alendo n'kumasirira chabe. Alamu anga ndimawadziwa, achimwene anganso akhoza kusintha maganizo akaona anthu akulira. N'chifukwa chake ndalemba izi, ndipo mapepala ake ndapatsa adzukulu anga awiri amene sagwirizana, kuti wina akabisa wina adzaulule. Chingwe chija chili m'sutikesi, pansi pa yunifolomu yanga ya kumpingo, mfundo yake ili momwemo. Tsiku loika ine wina adzapite nacho kumanda okumba asanayambe, adzayeze malo anga, ndipo asadzachoke mpaka atakwirira.