Maswiti amene Ferdousi anakana

Zoti Ferdousi wa ku chipinda cha mayeso wadwala shuga ndi bodza la mkunkhuniza. Analiyambitsa ndi Shirin wolandira alendo, amene amapima anthu ndi maso ngati dokotala. Inde, Lachitatu Ferdousi anakana maswiti amadzi a shuga aja otchedwa roshogolla, atatuwa. Koma imvani.

Mayiyu watha zaka zisanu ndi zinayi pa kampani ina ya ku Mirpur yopanga mapulogalamu a kompyuta, akulemba mayeso oyenda okha oyesera pulogalamu yawo. Mayesowo amayamba afunsa seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa pulogalamuyo, kuti ndi yani, nambala yake ndi iti, imatha chiyani. Ikayankha, amaiyesa moyenera. Ikakhala yosadziwika, amailumpha mwaulemu. Mzere wa malangizo wouza mayeso kulumphawo anaulemba yekha kalekale, akuthamangira basi.

Pamenepo pali mwambo: sikirini ya pakhoma ikakhala yobiriwira sabata yathunthu, kusonyeza kuti palibe mayeso olephera, a Mizan, bwana wawo, amagula maswiti. Anagula masabata asanu ndi limodzi otsatizana, mimba zikukula, Ferdousi akutamandidwa ngati mkwatibwi.

Lachitatulo anadabwa kuti mayeso otenga ola atha tiyi asanazizire. Atatsegula lipoti, anaona chifukwa chake. Masabata asanu ndi limodzi apitawo, anyamata a chitetezo anali ataitseka pakamwa seva ija kuti isamaululire akuba nambala yake. Seva chete, mayeso onse 412 kulumpha, khoma biriwiri. Mawa lake pulogalamuyo inali yopita ku chipatala china, kukasunga mayina a odwala ndi mankhwala awo.

A Mizan anafika ndi bokosi. "Apa, tengani awiri, ndi thukuta lanu ili."

Ferdousi anangopukusa mutu, nathawira pa masitepe. Lipotilo palibe wina amaliwerenga. Akanena, ntchito ithera pompo. Akakhala chete, nkhalamba ina ilandira mapiritsi a mnzake. Anakhala pamenepo mpaka ku mzikiti anaitanira mapemphero a masana, kenako analowa mu ofesi ya a Mizan osagogoda.

"Bhai, achimwene, musatumize pulogalamu mawa. Zobiriwira zija ndi zabodza, ndipo wolemba bodzalo ndine."

Akuti a Mizan anasiya kutafuna, madzi a shuga akuyenderera m'ndevu. Sanakalipe. Anangomuuza kuti achotse mzerewo, ayendetsenso mayeso iwo ali chilili kumbuyo kwake. Mayeso makumi atatu ndi asanu ndi awiri analephera nafiira, limodzi la mankhwala lomwelo.

Sanamuchotse ntchito, koma pulogalamu inachedwa mwezi, maswiti anatha, ndipo mpaka lero khoma likabiriwira iye amadzidzimuka, nayamba kuwerenga olumphidwa.

Ferdousi alibe shuga, anakana maswiti chifukwa kwa masabata asanu ndi limodzi mayeso ake sanayese kanthu.