Makilo amene ndinamuphikira

Mlongo wanga wamng'ono anali mnyamata wowonda ngati bango, koma pa nkhonya m'Nkhamanga monse munalibe womukhudza. Ankazinda chibakera n'kubweza ziwiri mnzakeyo asanaphethire. Atagonjetsa onse opepuka ngati iye, bambo wina wokonza masewera ku Mzuzu anamuuza kuti ngati akufuna kumenyanso, akwere gulu la olemerako. Anamupatsa miyezi iwiri yoti awonjezere makilo.

Ntchitoyo ndinaitenga ine, popanda wondituma. Ndinali nditalera ana atatu ojintcha, ndiye ndinkati za kunenepetsa munthu angandiphunzitse ndani? M'mawa phala la nsinjiro, masana nthochi zophika ndi nyama yankhumba, madzulo mazira. Kuthamanga kwake kwa m'mamawa ndinamuletsa ndine. Ndinkati akungotaya panjira zimene ndavutikira pamoto.

Matipate anali atangobwera kumene, mavenda atadzaza pa Bolero ndi masikelo awo opachika mumtengo. Loweruka lililonse tinkapita kwa wogula mtedza, mlongo wangayo n'kulowa m'thumba, ife n'kumukoleka. Anthu ankafa nacho chiseko, ine maso ali pa muvi wa sikelo.

"Adumbu, miyendo ikundilemera," anandiuza tsiku lina tikubwerera kunyumba, poti kwathu mlongo timati adumbu.

"Ndiko kulemera tikufunako," ndinamuyankha. Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Ku Mzuzu ndinapita nawo, nditavala chitenje chatsopano. Atakwera pa sikelo makilo anakwana, ine n'kululutira. Kenako mnzake womenyana naye anavula malaya. Iyeyo makilo ake anali obadwa nawo, a m'mapewa ndi m'khosi. Makilo a mlongo wanga anali pamimba, ochokera mumphika mwanga. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Raundi yoyamba anazinda ngati kale. Yachiwiri ndinaona kuti dzanja akuliona bwinobwino likubwera, mutu ukufuna kuchoka, koma miyendo ikukana. Zibakera zake zija zinkagwetsa anyamata kwathu, munthu uyu ankangozilandira uku akubwerabe. Mu raundi yachitatu chibakera chinamupeza pa diso lakumanzere, ndipo diso limenelo silinaonenso.

Wokonza masewera uja sanatiperekeze n'kuchipatala komwe. Ndimamukwiyira ndithu, koma wopakula sanali iyeyo.

Panopa mlongo wanga amalima fodya, ndipo anawondanso ngati kale. Sanandinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimandipweteka n'chimenecho. Bola akanandilalatira tikanathana. Akabwera kwathu ndimamuphikirabe, nanga ndingatani? Sabata yatha ndinaiwala, mbale ya ndiwo ndinaiika kumanzere kwake, n'kubwerera kukhitchini. Pobwera ndinapeza wamaliza mpunga wonse wopanda ndiwo, nyama ili chikhalire pambali pake. Anasamba m'manja, n'kutembenuza mutu wonse kuti andione.

"Yewo chomene, adumbu," anatero. "Kuphika ndiye simunasinthe."