Matiresi a alamu anga

Chaka changa choyamba ku Ulaya ndinkakhala chipinda chimodzi ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Ndiwo anandiitana, ndiwo anandipezera ntchito yotsuka mbale, ndipo ndiwonso ankayendetsa mapepala oti mkazi wanga anditsatire kuchokera ku Nsaru chisanu chikatha. Popanda iwo kusaina, mkazi wanga ndege akanangoionera m'mwamba.

Chisanu cha kumeneko si cha mu Juni chathu chija, choti ukaothera dzuwa pakhonde pang'ono wavula kale juzi. Kumwamba kunkangokhala phulusa lokhalokha, mwezi ndi mwezi. Ine amene ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasiya, wotukwana dzuwa tsiku lililonse likamandiwotcha msana, ndinayamba kulilakalaka mpaka misozi. Mtima unkandipsa ndi zinthu zopanda pake. Supuni ikangogwa pansi, ine chibakera ndakunga kale.

Kenako m'chipindamo munabuka nsikidzi. Kwathu nsikidzi si nkhani. Umatulutsa zogonera panja, kuthira madzi otentha pabedi, kukwapula matiresi ndi ndodo, dzuwa n'kumalizitsa ntchito. Alamu anati tidikire mwini nyumba atumize anthu opopera mankhwala. Tinadikira milungu itatu, ine ndikudzikanda mpaka kutuluka magazi.

Tsiku lina m'mawa, alamu atapita kale kuntchito, mitambo inang'ambika pang'ono ndipo kadzuwa kanasuzumira. Ndinachita ngati wapenga. Ndinakoka matiresi onse awiri, anga ndi awo, kutsika nawo masitepe, n'kuwayanika pampanda kuseri kwa nyumba, ndi mabulangete omwe. Ndinawakwapula ndi mtengo wa mopu mpaka unathyoka. Kadzuwako sikankatentha n'komwe, koma mutu wanga unali ku Nsaru mu Okutobala, kumene dzuwa likatuluka m'mawa ndiye kuti latuluka basi. Ndinapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Masana kunagwa mvula yozizira koopsa. Pobwera ndinapeza alamu ataima pansi pa masitepe, matiresi ali pamapazi pawo, akuchucha madzi, olemera ngati ng'ombe yakufa.

"Alamu, kodi mutu ukuyenda?" anatero. "Tigona pati tsopano? Kuno si kwanu. Uchimidziwu mukanausiya pa Nsaru pompo."

Sindikumbukira kuti ndinaganiza kanthu. Chibakera chinatera pakamwa pawo, iwo n'kugwa chagada pamasitepe. Ndinawakhalira pachifuwa, kuwakanyanga pakhosi ndi dzanja limodzi, linalo ndikumenya, kumenya, mutu wawo ukugunda simenti. Iwo osabwezera ngakhale kamodzi. Ankangotchinga nkhope ndi mikono, n'kumati, "Alamu! Alamu!" Ndinasiya nditaona dzino lawo lili pansi, pafupi ndi bondo langa.

Mzungu woyandikana nafe anatuluka foni ili m'manja, kufunsa ngati aitane apolisi. Alamu anapukusa mutu, namuuza kuti aterereka. Atalowa m'nyumba mzunguyo, iwo anakhala tsonga, kulavula magazi, n'kundifunsa motsitsa mawu, opanda ukali uliwonse:

"Mlongo wanga mumamumenya chonchi eti?"

"Sindinamukhudzepo," ndinatero.

Zinali zoona. Zaka zonse za banja lathu, ngakhale khofi sindinamuwombepo. Koma alamu sanayang'ane nkhope yanga. Ankayang'ana dzanja langa, lotupa, long'ambika ndi mano awo. Ndinachita manyazi oti bola akananditukwana.

Anakagona kwa mnzawo wa kuntchito, ndipo katundu wawo anadzatenga ine kulibe.

Patapita masiku anayi, mkazi wanga anaimba foni ya vidiyo. Anali pabwalo, akuyanika ufa pamphasa, ndipo kunali kukuwala moti ankatsinzina diso limodzi kuti andione. Nkhope yake inali ya munthu amene wakhala akulira.

"Achimwene akuti za ulendo zija ndiiwale kaye," anatero. "Ndawafunsa chifukwa, akungoti ndikhale konkuno, kuli bwino. Sutikesi ndinagula kale, anthu ndinatsanzika kale. Inu muli nawo pafupi, tandifunsirani. Ndawalakwira chiyani ine achimwene?"

Dzanja lija ndinali nditalibisa pansi pa tebulo. Ndinamuuza kuti netiweki ikuduka, ndipo ndinadula foni.